Mafunso ndi mayankho: Kupeza mabuku ndi zolembedwa za mapulani a mizinda ndi kamangidwe kosamala chilengedwe mu laibulale ya yunivesite

Mafunso ali pansipa ndi amene ophunzira ndi ofufuza amabwera nawo mobwerezabwereza kwa ogwira ntchito mu laibulale, makamaka nyengo yolemba kafukufuku ikafika. Mawu ofufuzira tawasiya m'Chingerezi chifukwa umo ndi mmene muyenera kuwalembera pa kompyuta kuti akubweretsereni zimene mukufuna.

Kodi ndiyambire pati?

Yambani ndi katalogi ya laibulale yanu, chifukwa ndiyo imene ingakuuzeni zimene mungathe kuzigwira m'manja kapena kuziwerenga lero lomwe popanda kulipira. Kenako fufuzani ngati laibulaleyo ili ndi tsamba lotsogolera ophunzira a phunziro lanu. Malaibulale ambiri a mayunivesite amakonza masamba otere pansi pa dzina lakuti LibGuides kapena subject guides, ndipo pamenepo amaika pamodzi nkhokwe za pa intaneti, magazini a kafukufuku ndi mapu zimene yunivesite inalipira kale. Ngati kwanu kulibe tsamba lotero, masamba a mayunivesite ena ndi otsegukira aliyense, ndipo ngakhale simungathe kutsegula zonse zotchulidwapo, mudzadziwako mayina a zinthu zoti mufufuze.

Musanathamangire ku nkhani zozama, werengani kaye mutu umodzi wa m'buku lofotokoza phunzirolo mwachidule, la mtundu wa handbook kapena encyclopedia. Ola limodzi lokha limakupatsani mawu amene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi mayina a olemba amene aliyense amawatchula, ndipo munthu amene alibe ziwirizi amatha sabata yathunthu akungozungulira.

N'chifukwa chiyani mabuku a phunziroli sali pa shelefu imodzi?

Wokonza mapulani a mzinda amaganizira za malo, nyumba, misewu, madzi, zinyalala, malamulo ndi anthu okhalamo pa nthawi imodzi, pomwe njira zosanjira mabuku zinagawa maphunzirowa padera padera. Zotsatira zake n'zakuti amene amangoima pa shelefu imodzi amaona kachigawo kochepa chabe ka zimene laibulale ili nazo, kenako n'kumadandaula kuti mabuku mulibe.

Ngati laibulale yanu imatsata njira yosanjira mabuku ya Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, mabuku a mapulani a mizinda monga nkhani ya chikhalidwe cha anthu ndi kayendetsedwe ka boma ali pakati pa HT165.5 ndi HT169.9, pomwe ofotokoza maonekedwe ndi kapangidwe ka mzinda amayambira pa NA9000. Kamangidwe kosamala chilengedwe kali pa NA2542.36 kumbali ya ojambula mapulani a nyumba, ndiponso pa TH880 kumbali ya omanga. Za nyumba zokhalamo anthu zimayambira pa HD7285, za maulendo ndi zoyendera zili mu HE, za madzi akumwa, zonyansa ndi zinyalala zili mu TD, ndipo za kukonza mapaki ndi malo obiriwira zimayambira pa SB469.

Ngati imatsata njira ya Dewey, imene Melvil Dewey anaitulutsa koyamba mu 1876, yang'anani pa 711, pa 307.1216 ndi pa 307.76 kuti mupeze za mizinda, pa 720.47 za kamangidwe ndi chilengedwe, pa 712 za mapaki ndi malo obiriwira, pa 363.5 za nyumba zokhalamo, pa 388 za maulendo, ndiponso pa 628 za madzi ndi ukhondo. Mwachitsanzo, wophunzira amene akulemba za kusefukira kwa madzi m'madera omangidwa popanda pulani adzafunika kuyenda mashelefu anayi: 711 kuti amvetse kagawidwe ka malo, 363.5 kuti amvetse chimene chimakankhira anthu kukamanga m'madambo, 627.4 kuti aone njira zoletsera madzi osefukira, ndi 628 kuti aone za ngalande. Buku lothandiza kwambiri nthawi zambiri silikhala limene munalipeza m'katalogi, koma loyandikana nalo, choncho mukafika pa shelefu yang'anani mabuku khumi kumanzere ndi khumi kumanja.

Buku likuoneka m'katalogi koma pa shelefu palibe. Nditani?

Choyamba onetsetsani kuti nambala mwaiwerenga bwino. Mu njira ya Dewey manambala a pambuyo pa kadontho amawerengedwa limodzi limodzi, kotero 711.12 imabwera 711.4 isanafike. Mu njira ya Library of Congress nambala yoyamba imawerengedwa yathunthu, kotero HT166 imabwera HT1521 isanafike, koma nambala yotsatira kadontho ndi chilembo imawerengedwa ngati ya Dewey, moti .B45 imabwera .B5 isanafike.

Chachiwiri, kumbukirani kuti mabuku ambiri a kamangidwe ndi aakulu kwambiri chifukwa cha zithunzi ndi mapulani, ndipo sakwana pa shelefu wamba. Amaikidwa padera pamalo olembedwa oversize kapena folio, ndipo mabuku ambiri amene ophunzira amati asowa amapezeka atagona pamenepo. Likapanda kupezekabe, funsani ngati mphunzitsi analiika pa mabuku obwereka maola ochepa, kapena lembetsani kuti alifufuze.

Ndalemba mawu akuti "urban planning" koma zotuluka sizikundikhutiritsa. Ndalakwitsa pati?

Makatalogi ambiri amagwiritsa ntchito mndandanda wa mitu wa Library of Congress, ndipo mu mndandandawo mutu wovomerezeka ndi "City planning", osati "urban planning". Mabuku a ku Britain ndi a m'maiko otsatira kalembedwe kawo amakonda "town planning", pomwe zolembedwa zambiri za ku Ulaya ndi za maboma ena zimati "spatial planning" kapena "physical planning". Chimodzimodzinso madera omangidwa popanda chilolezo: ofufuza a masiku ano amati "informal settlements", koma katalogi ingawaike pansi pa "Squatter settlements" kapena "Slums". Njira yachidule ndi iyi: mukapeza buku limodzi lokha lokuyenerani, tsegulani tsamba lake m'katalogi, onani mitu imene analipatsa, ndipo dinani mitu imeneyo.

Mu nkhokwe za pa intaneti, lumikizani mawu ofanana tanthauzo ndi OR, ndipo mfundo zosiyana muzilumikize ndi AND. Mawu awiri oyendera limodzi muziwatsekera m'zizindikiro zogwira mawu kuti kompyuta isawalekanitse. Kanyenyezi kamadula mawu, kotero sustainab* imabweretsa sustainable ndi sustainability pamodzi. Samalaninso ndi kalembedwe kosiyana ka Chingerezi cha ku Britain ndi cha ku America, monga urbanisation ndi urbanization, neighbourhood ndi neighborhood, chifukwa si nkhokwe zonse zimene zimadziwa zokha kuti awa ndi mawu amodzi.

Mawu akuti "sustainable design" akubweretsa zinthu zambirimbiri zosagwirizana. Ndiwachepetse bwanji?

Mawuwa anafala kwambiri moti amagwira zovala, mipando, mapaketi, nyumba ndi mizinda yomwe. Dzifunseni kuti mukulemba za chinthu chachikulu bwanji, kaya ndi njerwa, nyumba imodzi, dera kapena mzinda wonse, ndiponso kuti vuto lake ndi liti, kaya kutentha, madzi, magetsi, zinyalala kapena mayendedwe. Mukayankha mafunso awiriwa mudzapeza mawu olunjika monga "natural ventilation", "passive cooling", "embodied carbon", "rainwater harvesting", "urban heat island" kapena "transit-oriented development".

Pali chinthu china chimene ophunzira ambiri samachiganizira. Mawu akuti sustainable anatchuka pambuyo pa lipoti la komiti ya United Nations imene inkatsogoleredwa ndi Gro Harlem Brundtland, lomwe linatuluka mu 1987, koma nzeru zomanga nyumba yozizira popanda makina zinalembedwa kalekale mawuwa asanatchuke. Victor Olgyay anatulutsa Design with Climate mu 1963, ndipo zolembedwa zambiri za m'zaka zimenezo zili pansi pa "tropical architecture", "bioclimatic design", "vernacular architecture" ndi "appropriate technology". Amene amafufuza ndi mawu amakono okha amalumpha mabuku amenewa, omwe kawirikawiri amafotokoza bwino za mithunzi, mazenera ndi kayendedwe ka mphepo kuposa atsopano ambiri.

Ndi nkhokwe ziti za pa intaneti zimene zili zoyenera phunziroli?

Pa nkhani ya kamangidwe, nkhokwe yodziwika kwambiri ndi Avery Index to Architectural Periodicals, imene inayambika mu 1934 ku laibulale ya Avery ya yunivesite ya Columbia ku New York. Ubwino wake ndi wakuti mungafufuze ndi dzina la nyumba, la mzinda kapena la wojambula pulani, ndipo imakuuzani ngati nkhaniyo ili ndi zithunzi ndi mapulani. Dziwani kuti kwenikweni ndi mlozera, choncho nkhani yeniyeniyo muyenera kukaipeza kwina.

Scopus ndi Web of Science zimagwira maphunziro osiyanasiyana ndipo zimaonetsa amene anatchula nkhani iliyonse pambuyo pake. JSTOR ndi yabwino pa mbiri ya mizinda ndi nkhani zakale, koma magazini ambiri mmenemo sakhala ndi makope a zaka zaposachedwa. GreenFILE imaona za chilengedwe, TRID imaona za maulendo ndi misewu, ndipo ziwirizi aliyense angathe kufufuzamo ulere. African Journals Online imasonkhanitsa magazini a kafukufuku ofalitsidwa mu Africa, amene ambiri mwa iwo sapezeka mu nkhokwe zikuluzikulu zija.

Mwa magazini oyenera kuwadziwa mayina muli Town Planning Review, amene anayamba kutuluka mu 1910 ku Liverpool, Urban Studies, Journal of the American Planning Association, Habitat International, Landscape and Urban Planning, Building and Environment, ndi Environment and Urbanization, amene kuyambira mu 1989 akhala akulemba kwambiri za mizinda ya mu Africa, Asia ndi Latin America.

Kodi Google Scholar payokha siyokwanira?

Ndi yothandiza, makamaka polondola nkhani. Mukapeza nkhani yabwino ya zaka khumi zapitazo, dinani mawu akuti "Cited by" kuti muone amene anaigwiritsa ntchito pambuyo pake, ndipo mndandanda wa kumapeto kwa nkhaniyo udzakubwezani kwa amene analemba poyamba. Pitaninso ku Settings, musankhe "Library links" ndi kulembapo dzina la yunivesite yanu kuti muziona zimene laibulale inalipira. Vuto lake ndi lakuti siulula magazini onse amene imawerenga, imasakaniza zolembedwa zounikidwa ndi zosaunikidwa, ndipo imaika patsogolo nkhani zotchulidwa kwambiri, zomwe zimachititsa kuti kafukufuku wa mizinda ing'onoing'ono akwiririke pansi pa wa London ndi New York.

Ndapeza nkhani koma akuti ndilipire. Ndilipire?

Musalipire musanayese njira zina. Ngati muli kunja kwa sukulu, mwina wofalitsayo sakukudziwani kuti ndinu wa pa yunivesite, choncho lowani kudzera pa tsamba la laibulale pogwiritsa ntchito njira imene sukulu yanu inakhazikitsa, kaya EZproxy, OpenAthens kapena VPN. Zikakanika, ikani pa kompyuta yanu Unpaywall, kapulogalamu kofufuza makope aulere a nkhani, kapena lembani mutu wa nkhaniyo m'masamba ofufuzira a CORE kapena BASE, chifukwa olemba ambiri amaika makope ovomerezeka m'nkhokwe za mayunivesite awo. Magazini aulere mungawapeze mu DOAJ, ndipo mabuku aulere mu DOAB ndi OAPEN.

Mayunivesite a m'maiko a chuma chochepa angalembetse ku Research4Life, imene ili ndi magawo asanu: Hinari ya zaumoyo, AGORA ya zaulimi, OARE ya zachilengedwe, ARDI ya zaumisiri ndi GOALI ya zamalamulo. Pa phunziro lino OARE ndi ARDI ndizo zothandiza kwambiri, ndipo chilolezo cholowera chimakhala ndi laibulale. Zonsezi zikalephereka, pemphani laibulale kuti ikubwerekereni ku laibulale ina, kapena lemberani kalata yaifupi wolemba nkhaniyo. Ofufuza ambiri amakondwa kumva kuti wina akufuna kuwerenga ntchito yawo, ndipo amatumiza.

Nanga mapulani enieni a mizinda ndi malipoti a boma amapezeka kuti?

Apa ndi pamene phunziroli limasiyana ndi ena ambiri, chifukwa gawo lalikulu la zimene mukufuna silinasindikizidwe ngati buku kapena nkhani ya m'magazini. Pulani yaikulu ya mzinda, malamulo a kagawidwe ka malo, malipoti ounika mmene ntchito yomanga ingakhudzire chilengedwe, ndi zokambirana za makhonsolo, zonsezi ogwira ntchito mu laibulale amazitcha grey literature. Zina zimasungidwa m'gawo la zofalitsa za boma la laibulale, ndipo gawoli nthawi zina silinalowetsedwe lonse m'katalogi ya pa kompyuta, moti muyenera kufunsa pakamwa kapena kuyang'ana m'makadi akale. Zina zili ku ofesi ya mapulani ya mzinda umene mukuuphunzira kapena kumalo osungira zolembedwa zakale za dziko, ndipo kalata yochokera kwa mphunzitsi wanu imatsegula zitseko zambiri kumeneko.

Pa zolembedwa za mabungwe a padziko lonse, yambani ndi UN-Habitat, bungwe la United Nations loona za mizinda ndi malo okhala anthu, limene likulu lake lili ku Nairobi. Misonkhano itatu ikuluikulu ya Habitat inachitika ku Vancouver mu 1976, ku Istanbul mu 1996 ndi ku Quito mu 2016, komwe kunatuluka New Urban Agenda, chikalata cha mfundo zotukulira mizinda. Cholinga cha nambala 11 mwa zolinga za chitukuko chokhazikika zimene maiko anagwirizana mu 2015 chimakamba za mizinda, ndipo kulemba "SDG 11" pofufuza kumabweretsa malipoti ambiri. World Bank imaika malipoti ake ulere mu Open Knowledge Repository. Chiwerengero chimene ophunzira amakonda kuyambira nacho, chakuti anthu 55 pa 100 alionse ankakhala m'mizinda mu 2018 ndipo adzafika 68 pa 100 pofika 2050, chinachokera mu World Urbanization Prospects ya United Nations ya chaka cha 2018, ndipo n'kwabwino kutchula gwero lenilenilo m'malo motchula munthu amene anangokopera.

Mukapeza lipoti pa tsamba la khonsolo kapena la unduna, lisungeni pomwepo ndi kulemba tsiku, chifukwa masamba otere amasintha popanda chenjezo. Likasowa, yesani kuika adiresi yake yakale mu Wayback Machine ya Internet Archive, imene imasunga makope akale a masamba a pa intaneti.

Ndikufuna mapu ndi zithunzi za m'mlengalenga. Laibulale ingandithandize?

Malaibulale ambiri ali ndi makabati a mapu a pepala, ndipo mapu akale ndiwo umboni wabwino wa mmene mzinda unakulira, chifukwa amaonetsa dambo limene lero pali nyumba. Pa intaneti, OpenStreetMap imapereka misewu ndi nyumba ulere, ngakhale kuti kudzaza kwake kumasiyana malinga ndi dera. Zithunzi za masatelayiti a Landsat zinayamba kujambulidwa mu 1972 ndipo zakhala zaulere kuyambira mu 2008. Kuyambira m'ma 1980 kadontho kamodzi ka pa chithunzi kamaimira mamita 30. Za Sentinel-2, zomwe zinayamba mu 2015, zimafika pa mamita 10. Zimenezi n'zokwanira kuonetsa kufutukuka kwa mzinda, koma sizingakuwerengereni nyumba imodzi imodzi. Pa kuchuluka kwa anthu ndi malo omangidwa, onani WorldPop ndi Global Human Settlement Layer. Pulogalamu ya mapu ya QGIS ndi yaulere ndipo imatsegula zonsezi.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka. Choyamba n'chakuti shapefile, mtundu wa fayilo ya mapu a pa kompyuta, si fayilo imodzi: pamafunika .shp, .shx ndi .dbf kuti itseguke, komanso .prj yofotokoza njira imene malo anayezedwera, ndipo wotumizira mnzake .shp yokha wamutumizira chinthu chosagwira ntchito. Chachiwiri, wophunzira amatsegula mapu a mzinda wake n'kuwapeza atasanduka kadontho koyandama m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi Gulf of Guinea. Mapuwo sanawonongeke ayi, koma kompyuta yawerenga madigiri ngati mamita, ndipo mukaiuza njira yoyenera yoyezera, mzindawo umabwerera pamalo pake.

Kodi LEED, BREEAM ndi EDGE ndi chiyani, nanga zolembedwa zake ndizipeza kuti?

Zimenezi ndi njira zoyezera ndi kupereka satifiketi kwa nyumba zosamala chilengedwe. BREEAM inayamba ku Britain mu 1990, LEED ndi ya bungwe la U.S. Green Building Council, ndipo EDGE inakonzedwa ndi IFC, nthambi ya World Bank, yomwe imafuna kuti nyumba ichepetse ndi 20 pa 100 kagwiritsidwe ntchito ka magetsi, ka madzi ndi zimene zimaonongeka popanga zipangizo zomangira. Mfundo zake zikuluzikulu zili pa masamba a mabungwewa. Miyezo ya ISO, monga ISO 14040 younika chinthu kuyambira pochipanga mpaka pochitaya, imagulitsidwa, choncho funsani kaye ngati laibulale inailipira. Musaiwale kuti satifiketi si lamulo. Malamulo omangira nyumba amakhala a dziko kapena mzinda, ndipo mungawapeze monga tafotokozera pa funso la malipoti a boma.

Mphunzitsi akuti tigwiritse ntchito zolembedwa zaposachedwa. Ndiye mabuku akale ndiwasiye?

Pa ziwerengero, zipangizo ndi malamulo, tsatirani zimene mphunzitsi wanena. Koma pa maganizo, simungamvetse mkangano wa lero popanda kudziwa kumene unachokera. Ganizo la Ebenezer Howard la mzinda wozunguliridwa ndi minda linatuluka mu 1898 ndipo linayesedwa ku Letchworth kuyambira mu 1903. Jane Jacobs anatsutsa kugwetsa madera akale mu 1961, Ian McHarg anaphunzitsa kusanjikiza mapu a nthaka, madzi ndi zomera mu 1969, ndipo John Turner ananenetsa mu 1976 kuti anthu omanga okha nyumba zawo ayenera kuthandizidwa osati kuthamangitsidwa. Werengani eni akewo ngakhale mutu umodzi, chifukwa zimene ena amati iwo ananena nthawi zina zimasiyana ndi zimene analembadi.

Ndingapeze kuti kafukufuku wa ophunzira amene anamaliza digiri?

Yambani ndi nkhokwe ya yunivesite yanu, kenako OATD ndi NDLTD, nkhokwe zosonkhanitsa kafukufuku wa digiri wa mayunivesite ambiri, zomwe ndi zaulere. ProQuest Dissertations and Theses ndi yolipira. Pa mizinda imene sinalembedwe kwambiri, kafukufuku wotere nthawi zina ndiye yekhayo amene alipo, ndipo mndandanda wa kumapeto kwake udzakuonetsani malipoti amene simukanawadziwa.

Ndidziwa bwanji kuti chimene ndapeza n'chodalirika?

Onani wolemba, wofalitsa, chaka, ndi amene analipira ntchitoyo. Kabuku kokongola ka kampani yogulitsa malo kapena yomanga kangathe kutcha mudzi wake watsopano wosamala chilengedwe, koma funso ndi lakuti kodi alipo anayeza magetsi ndi madzi anthu atalowamo, ndipo kafukufuku wotero amapezeka pansi pa "post-occupancy evaluation". Pali magazini ena amene amalandira ndalama n'kusindikiza chilichonse osaunika. Ngati mukukayika, onani ngati ali mu DOAJ kapena Scopus, kapena tsatirani mafunso a pa tsamba la Think. Check. Submit.

Mapulogalamu a AI ocheza nawo amatha kupeka mutu wa nkhani, dzina la wolemba ndi chaka, zonse zooneka zenizeni. Musalembe gwero limene simunalitsegule ndi maso anu. Nambala ya DOI, yozindikiritsa nkhani ya kafukufuku pa intaneti, imayamba ndi 10, ndipo mukaiika pa doi.org iyenera kukufikitsani pa nkhani yeniyeniyo.

Kodi ndingaike mapulani ndi zithunzi za anthu ena mu kafukufuku wanga?

Tchulani gwero pansi pa chithunzi chilichonse, ngakhale chimene mwachijambulanso nokha potengera cha wina. Mapu a OpenStreetMap amafuna kuti mulembe kuti achokera kwa osonkhanitsa a OpenStreetMap. Ngati kafukufuku wanu adzaikidwa pa intaneti, mungafunike chilolezo cha mwini chithunzi, ndipo popeza malamulo a umwini amasiyana dziko ndi dziko, funsani laibulale nthawi ikadalipo. Pulogalamu ya Zotero, yomwe ndi yaulere, imasunga magwero anu onse ndi kuwasanja mu kalembedwe kamene dipatimenti yanu ikufuna, koma malipoti a boma ndi mapu muziwaunikanso pamanja chifukwa kawirikawiri amalowa opanda chaka kapena wolemba.

Ndikafuna kuonana ndi woyang'anira laibulale, ndipite ndi chiyani?

Pitani ndi pepala la funso limene mphunzitsi anapereka, mndandanda wa mawu amene mwayesa kale ndi nkhokwe zimene munayesamo, komanso nkhani imodzi kapena ziwiri zimene mukuona kuti zagunda pamene mukufuna. Munene dzina la mzinda kapena dera, zaka zimene mukuphunzira, ndi tsiku lopereka ntchito. Ngati mukufuna kubwereketsa buku ku laibulale ina kapena kupempha kuti ligulidwe, nenani kumayambiriro kwa teremu, chifukwa kubwereketsa kumatha kutenga masabata angapo, ndipo kugula kumatenga nthawi yoposa pamenepo.